NDEMANGA: Za mifolo ya ku Chibolya zikambidwe mvula isanabwere

Dzina la Chibolya likamveka pa wailesi, anthu ambiri a mu Lusaka amadziwiratu nkhani imene ili kubwera. Kapena apolisi agwira anyamata ndi camba, kapena a zaumoyo apeza odwala kolera. Boma limaonekera m'komboni imeneyi litanyamula mfuti kapena litakwera ambulansi. Nchito imene ingasinthe umoyo wa tsiku ndi tsiku wa anthu a kumeneko, ya mifolo, zimbudzi, madzi akumwa ndi zinyalala, imayambira ku khonsolo, ndipo gawo la ndalama zake limakambidwa m'misonkhano ya m'wadi imene akhristu ndi alimi ambiri sapitako. Ife tinena kuti nthawi yakwana yakuti ayambe kupitako.

Chibolya siili kutali monga mmene ena aganizira. Ili kumadzulo kwa tauni, moyandikana ndi msika wa Soweto, ndipo munthu atha kuyenda pansi kucoka ku Cairo Road nkufikako asanatope. Mlimi wa ku Chongwe, Mumbwa, Chisamba kapena Kafue akafika ku Soweto m'bandakuca ndi matimati, kabichi ndi anyezi, ambiri mwa anyamata amene atsitsa mabokosi ndi kukankha mawilibala acokera ku Chibolya, John Laing ndi Kanyama. Mlimi wa ku cigawo ca kum'mwera akakweza mbuzi ndi nkhumba pa lole, msika umene apitako uli m'Chibolya mwenimweni. Nyama ndi ndiwo zocoka kumeneko zimadyedwa ku Matero, ku Mtendere, mpaka kumayadi ku Kabulonga. Conco matope a m'Chibolya amakwera magalimoto nkukalowa m'mapoto a mzinda wonse.

Vuto la madzi m'dera limeneli lili ndi gwero lodziwika. Kanyama, Chibolya ndi makomboni ozungulira anamangidwa pa malo athyathyathya, pamwamba pa mwala wa laimu wokhala ndi ming'alu ndi mphako zambiri. Madzi a pansi pa nthaka ali pafupi kwambiri, ndipo mvula ikagwa masiku angapo motsatizana amakwera mpaka kutulukira pamwamba. Za m'cimbudzi cokumba zimayenda m'ming'alu ija nkukalowa m'citsime cosazama ca pa nyumba yoyandikana. Mufolo ukatsekeka ndi mapulasitiki, madzi a mvula amasakanikirana ndi zonyansa nkulowa m'nyumba za anthu. Acikulire akumbukira cigumula ca ku Kanyama ca mu 1978. Mu 2010 mabanja a m'makomboni amene anasefukira anakagona m'matenti ku Independence Stadium. Palibe wogwira nchito ku Civic Centre amene anganene kuti zimenezi ndi zacilendo kwa iye.

Mtengo wa kulekerera kumeneku taulipira kawiri m'zaka zocepa. Kolera imene inayamba mu Okutobala 2017 inadwalitsa anthu oposa 5,000 ndipo inapha oposa 100 m'dziko muno, ambiri a iwo a mu Lusaka. Asilikali anatumidwa kukasesa misewu, misika inatsekedwa, kugulitsa m'mbali mwa misewu kunaletsedwa, ndipo mu Januwale 2018 anthu a ku Kanyama analamulidwa kusayenda usiku. Mapemphero a m'machalichi a m'madera okhudzidwa anaimitsidwa, maliro anaikidwa mothamanga, ndipo alimi anasowa kokagulitsa zokolola zao zosacedwa kuola. Mu Okutobala 2023 matendawa anabweranso ndi mphamvu yoposa. Anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la National Heroes Stadium linasanduka cipatala, ndipo masukulu sanatsegulidwe mpaka mu Febuluwale 2024. Nthawi zonse ziwirizi, dera la Kanyama linali pakati pa madera amene anakanthidwa kwambiri.

Sitikana kuti m'Chibolya muli malonda a camba ndi mankhwala ena ozunguza bongo. Alimo, ndipo aononga ana ambiri, a momwemo ndi ocokera kumayadi amene amabwera kudzagula. Apolisi ndi a bungwe la DEC analowamo ndi gulu lalikulu mu 2014, ndipo akhala ali kulowamo kambiri kucoka nthawi imeneyo. Acita nchito yao. Koma apolisi akacoka, amai amene atsala ayenerabe kutunga madzi, kuphika ndi kutumiza ana ku sukulu m'njira zodzaza ndi zithaphwi. Komboni yopanda mseu woloweka ndi galimoto ndiponso yopanda magetsi a mumseu imathandiza wogulitsa camba kuposa wina aliyense. Ndipo mbiri yoipa yakhala cobisalirapo ca akuluakulu. Nkosavuta kunena kuti kumeneko sikuloweka kusiyana ndi kufotokoza cifukwa cake mufolo sunakumbidwe.

Anthu a m'Chibolya aonetsa kale kuti atha kudziimira. Gulu la Circus Zambia, limene liphunzitsa ana masewera a kudumpha ndi kuwalimbikitsa sukulu, linayambitsidwa ndi anyamata amene anakulira m'komboni yomweyi. Mulinso machalichi, masukulu, amai a zilimba ndi anthu ocita malonda oongoka. M'Cibemba mau akuti cibolya atanthauza bwinja, mudzi umene eni ake anasamukamo. Koma muno anthu sanasamuke. Amene anasamuka ndi oyenera kuwatumikira.

Kale yankho la makhansala linali limodzi: ndalama kulibe. Lero yankho limeneli silikwanira. Ndalama za citukuko ca m'madera a aphungu, zimene tizidziwa kuti CDF, zinayamba mu 1995 ndipo kwa zaka zambiri zinali zocepa. Mu 2021 dera lililonse linali kupatsidwa K1.6 miliyoni. Mu 2022 zinakwera kufika pa K25.7 miliyoni, mu 2023 pa K28.3 miliyoni, mu 2024 pa K30.6 miliyoni, ndipo mu 2025 pa K36.1 miliyoni. Malamulo a kagawidwe a mu 2022 anati, zitacotsedwapo za kayendetsedwe ka nchito, magawo 60 pa 100 apite ku nchito za citukuko zimene anthu asankha, magawo 20 ku malipiro a ana a ku sekondale zogonera komweko ndi a maphunziro a nchito za manja, ndipo magawo 20 ku thandizo ndi ngongole za magulu a amai ndi acinyamata.

Tiyenera kunenanso mbali ina ya nkhaniyi kuti tisanamize anthu. Ndalamazi zimaperekedwa mofanana ku dera lililonse, mosayang'ana kuculuka kwa anthu. Pa kalembera wa mu 2022, dera la phungu la Kanyama, m'mene Chibolya inawerengedwa, linali ndi anthu oposa 500,000. Tikagawa K36.1 miliyoni ya mu 2025 pa anthu amenewa, aliyense sakwanitsa ndi K75 yomwe pa caka. Kusintha kwa malamulo a dziko kwa mu Disembala 2025 kunaonjezera madera a aphungu kucoka pa 156 kufika pa 226, ndipo kuculuka kwa anthu m'madera ena kunali cimodzi mwa zifukwa zake. Ngakhale ndi tero, m'makomboni a mu Lusaka opempha adzakhalabe ambiri kuposa ndalama. Pamene ndiwo zacepa, amene sali pa mbale ndiye agona ndi njala.

Ndiye mbaleyo ili kuti? Lamulo la maboma aang'ono la mu 2019 linakhazikitsa makomiti a citukuko m'wadi iliyonse, amene achedwa WDC. Wadi imagawidwa m'mazoni, ndipo anthu a m'zoni amasankha owaimira m'komitiyo. Khansala nayenso amakhalamo. Pempho la mufolo, cimbudzi ca pa msika kapena mpopi wa madzi liyenera kuyambira pa msonkhano wa m'zoni, lilembedwe, lidutse ku WDC, kenaka lipite ku komiti ya CDF ya dera lonse ndi kwa akatswiri a khonsolo amene amaona ngati nchitoyo itheka ndi mtengo wake. Cimene sicinalembedwe pansi pano sicifika pamwamba. Munthu atha kudandaula caka conse pa sitesheni ya basi, koma ngati dandaulo lake silinalowe m'buku la komiti, ku khonsolo adzati anthu a m'Chibolya sanapemphe.

Misonkhano imeneyi imayenda bwino kapena moipa malinga ndi amene abwerako. Anthu oongoka akakhala kunyumba nkumati ndi zandale, mipando siikhala yopanda anthu. Amakhalapo ndi aja ofuna makontirakiti ndi aja opanga timagulu ta usiku umodzi kuti alandire ngongole. Malipoti a mkulu wofufuza za ndalama za boma aonetsa kuti m'makhonsolo ambiri ndalama za CDF za mu 2022 zinatsala osagwiritsidwa nchito, ndipo aonetsanso nchito zosamalizidwa ndi ngongole zosabwezedwa. Ndalama kugona ku banki pamene ana ali kusewera m'madzi a m'zimbudzi ndi cinthu cocititsa manyazi. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, anatero makolo. Njira yabwino ndi kukhalapo msanga iye asanakwerepo.

Apa ndi pamene tiyang'ana kwa akhristu. Palibe cipani kapena bungwe limene lili ndi anthu m'njira iliyonse ya m'komboni monga machalichi. Miphakati imakumana sabata ndi sabata. Amai a cigwirizano ndi magulu ena a amai amadziwa nyumba imene muli wodwala, citsime cimene cinadwalitsa ana, ndi malo amene madzi amayambira kusefukira. Ali ndi alembi odziwa kusunga mabuku ndi asungicuma amene amawerengera ngwee iliyonse pamaso pa anthu. Luso limeneli ndi lomwe lisowa m'makomiti ambiri. Mpingo umene utha kusonkha ndalama za bokosi la maliro ndi kukumba manda uthanso kutumiza anthu awiri ku msonkhano umene ungacepetse malirowo.

Tikatero sitinena kuti ndale zilowe pa guwa. Wansembe kapena m'busa asauze anthu cipani covotera. Cimene tipempha ndi cakuti tsiku la msonkhano wa m'zoni lilengezedwe pa Sande pamodzi ndi zilengezo zina, kuti mphakati uliwonse usankhe wopitako, ndipo wopitayo abwere kudzafotokoza zimene anamva. Wandale akabwera ku chalichi ndi envulopu ya copereka, alandiridwe mwaulemu monga mlendo aliyense, koma mapemphero akatha akulu a mpingo amutenge akamuonetse mufolo. Envulopu imatha sabata lomwelo.

Alimi nawonso ali ndi mau, ngakhale savota m'wadi imeneyi. Ocita malonda pa misika amalipira misonkho ndi ndalama za malo, ndipo mlimi amalipirako kupyolera m'mtengo umene apatsidwa. Lamulo la misika ndi masitesheni a basi la mu 2007 linaika malo amenewa m'manja mwa makhonsolo ndi mabodi ake, koma kwa zaka zambiri ndalama zinali kutoleredwa ndi anyamata a zipani. Mu 2021 Pulezidenti Hakainde Hichilema analamula kuti makada acoke m'misika ndi m'masitesheni, makhonsolo atolere okha. Ngati ndi tero, funso la mlimi ndi lolunjika: pa ndalama zimene zitoleredwa ku Soweto ndi m'misika yozungulira, ndi zingati zimene zibwerera kudzamanga zimbudzi, kuika madzi ndi kucotsa zinyalala? Pa malo ogulitsira ndi kuphera mbuzi ndi nkhumba pafunika simenti pansi, madzi oyenda, njira yotulutsira magazi ndi ndowe, ndiponso woyeza nyama tsiku lililonse. Makopaletivu ndi magulu a alimi alembe makalata ku khonsolo pa zimenezi, asunge makope, ndipo agwirizane ndi komiti ya m'wadi. Msika ukatsekedwa cifukwa ca kolera, woyamba kuluza ndi mlimi amene katundu wake ali kale pa lole.

Popeza ndalama ndi zocepa, pempho liyenera kukhala ndi mutu ndi mcira. Ife tiona kuti coyamba ndi mifolo, ndipo mufolo uliwonse ukhale ndi kotulukira. Mufolo wokumbidwa mamita ocepa nkusiyidwa umangosamutsa cigumula kucoka pa khomo la uyu kupita pa khomo la mnzake. Caciwiri ndi zimbudzi zomangidwa ndi simenti mkati kuti zisataye zonyansa pansi, pamodzi ndi anthu ozipopa pa mtengo umene wa lendi angakwanitse. Cacitatu ndi mipopi ya madzi yokwanira. Kukwirira zitsime zosazama popanda kupereka madzi ena sikuthandiza, cifukwa usiku womwewo anthu adzakumba cina. Cacinai ndi malo odziwika osonkhanitsira zinyalala ndi masiku odziwika amene galimoto ibwera kuzitengera ku Chunga. Cacisanu ndi mseu woloweka ndi magetsi ake. Holo, mipira ndi mayunifomu a timu zidikire.

Mufolo waukulu wotulutsa madzi m'dera lonse sungamangidwe ndi CDF. Nchito ya madzi, zimbudzi ndi mifolo imene inacitika mu Lusaka pakati pa 2013 ndi 2018 ndi thandizo la dziko la America, imene inamanganso mufolo wa Bombay, inadya pafupifupi madola 355 miliyoni. Nchito za msinkhu umenewu zifuna boma lalikulu, khonsolo ndi kampani ya madzi ya Lusaka kukhalira pamodzi. Koma nazonso zimapita kumene kuli phokoso lolembedwa. Phungu amene walandira makalata a maparishi khumi, osainidwa ndi anthu odziwika maina ndi nyumba zao, amalankhula mosiyana m'nyumba ya malamulo.

Tisalolenso kuti zipani ziziponyerana mpira. Mu Lusaka taona kambiri khonsolo ili m'manja mwa cipani cina pamene boma lili m'manja mwa cina. Zinali tero pakati pa 2006 ndi 2011, pamene PF inali ndi makhansala ambiri mumzinda ndipo MMD inali m'boma. Mu 2021 anthu a mu Lusaka anasankha meya wa PF, a Chilando Chitangala, pamene UPND inatenga boma. Nthawi zotere a khonsolo amati boma silitumiza ndalama, a boma amati khonsolo siigwira nchito. Pakati pa 2011 ndi 2021 cipani cimodzi cinali ndi zonse ziwiri, ndipo kolera ya mu 2017 inabwerabe. Madzi a cigumula safunsa khadi la cipani polowa m'nyumba. Kuyambira mu 2016 meya amasankhidwa ndi anthu mwacindunji, conco ayenera kuyankha kwa iwo, osati kwa akuluakulu a cipani cake.

Pali enanso amene amati mankhwala a Chibolya ndi kuigwetsa yonse nkumangapo nyumba zosanjikizana, popeza malo ake ali pafupi ndi tauni ndipo ndi a mtengo wapatali. Nkhani imeneyi imamveka nthawi ndi nthawi. Tiwakumbutse mbiri ya mzinda uno. Lamulo la mu 1974 litalola kuti makomboni osavomerezeka akonzedwe m'malo mogwetsedwa, ku Chawama ndi ku George kunalowa misewu ndi mipopi ya madzi ndi thandizo la World Bank. Anthu eni ake anayenda ndi akatswiri kusankha modutsa misewu, ndipo mabanja amene nyumba zao zinali m'njira anapatsidwa malo pafupi pomwepo. Ku Kalingalinga kunacitika zofanana m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la dziko la Germany. Makomboni amenewa ali ndi mavuto mpaka lero, koma anthu sanatayidwe kuchire. Pulani iliyonse ya Chibolya iyambe ndi kuwerenga anthu onse okhalamo, eni nyumba ndi a lendi omwe, ndipo iwerengedwe pamaso pao m'cilankhulo cimene amva. Wokankha wilibala ku Soweto akasamutsidwira kutali ndi tauni, wacotsedwa nchito.

Anthu a m'komboni nawo ali ndi mbali yao, ndipo sitiwabisira. Pali ena amene amadikira mdima kuti akataye saka ya zinyalala mu mufolo pothawa kulipira otolera zinyalala. Pali eni nyumba amene amaonjezera zipinda za lendi caka ndi caka koma cimbudzi nkukhala cimodzi comweco, ndipo ena amanga pamwamba pa njira ya madzi. Ena mwa iwo amakhala pa mipando ya kutsogolo m'chalichi. Mphakati umene uopa kudzudzula membala wake wotere sudzakhala ndi mphamvu podzudzula khansala. Kampeni ya ukhondo imene Pulezidenti Levy Mwanawasa anayambitsa mu 2007, nkuyambitsidwanso mu 2018, inaonetsa kuti kusesa kwa tsiku limodzi pamaso pa makamera sikukhalitsa ngati pa khomo lililonse palibe amene asamala.

Nchito ikavomerezedwa, anthu asabwerere kukagona. Pa malo a nchito payenera kukhala cikwangwani coonetsa dzina la kontirakita, mtengo ndi tsiku lomaliza. Afunseni a komiti mndandanda wa nchito zimene zinavomerezedwa ndi zimene zinakanidwa, pamodzi ndi zifukwa zake. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopempha ndi kulandira nkhani za m'maofesi a boma linasainidwa mu Disembala 2023, ndipo misonkhano ikuluikulu ya khonsolo ndi yotseguka kwa anthu. M'maparishi muli amisiri omanga, aphunzitsi ndi akalaliki opuma pa nchito amene atha kuyeza kuzama kwa mufolo ndi kuona ngati simenti yasakanizidwa bwino. Wofunsa afunse mwaulemu, alembe tsiku ndi dzina la ofesi imene wafunsako, ndipo asapite yekha.

Kwa a khonsolo ya mzinda wa Lusaka, pempho lathu ndi lapafupi. Lengezani masiku a misonkhano ya m'mazoni pa wailesi, m'misika ndi m'machalichi, sabata ziwiri tsikulo lisanafike. Ikani misonkhanoyo pa nthawi imene wa pa msika ndi wa ganyu angabwere. Pacikani pa khoma la ofesi ya m'wadi pepala loonetsa ndalama zimene zalowa ndi kumene zapita. Ndipo mifolo imene ilipo kale isesedwe m'cilimwe, Novembala asanafike. Kuthamanga ndi mafosholo mu Januwale madzi ali m'maondo ndi kutaya ndalama za anthu.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Akhristu a m'Chibolya, Kanyama ndi John Laing, funsani Sande lino kuti woimira zoni yanu ndani ndipo msonkhano wotsatira uli liti. Alimi, funsani atsogoleri a magulu anu ngati kalata ya za zimbudzi ndi madzi a pa msika inalembedwa. Ngati siinalembedwe, ilembedwe mwezi uno, dzuwa likali kuwala.